NKHONYA YA PUSI: Mbiri ya Kamfundo ka Amalinyero pa Gombe la Rumphi

Sitima ya pamadzi ikamayandikira doko, cinthu coyamba kufika kumtunda si munthu, si katundu, ndiponso si cingwe cacikuru cija comangira sitimayo. Cimene citsogola ndico kampira kakang'ono kolukidwa ndi cingwe, kolingana ndi lalanje kukula kwace, kamene mmodzi wa amalinyero aponya m'mwamba kali ndi kacingwe kopepuka pambuyo pace. Munthu wa kumtunda atola kampirako, nayamba kukoka. Ndipo taonani, pa nsonga ya kacingwe kaja patuluka cingwe conenepa ngati mkono wa munthu wamkuru, cimene amuna awiri kapena atatu acikweza mobvutika, nacikoleka pa mzati wacitsulo. Pamenepo ndipo sitima yafika.

Kampira kameneka ndi mfundo, ndipo Angerezi akacha monkey's fist, ndiko kunena nkhonya ya pusi, pakuti kaoneka ngati kadzanja ka pusi kofumbata cakudya. Ambiri a ife okhala ku mapiri sitinakaone, ndipo amene anakaona sanakasamale. Koma m'nkhani ino ndifuna kuti tilondole mbiri ya gombe la boma la Rumphi, kuyambira ku Chitimba kufikira ku Mlowe ndi ku Tcharo, titagwira kacingwe kameneka m'manja. Pakuti gombelo licitira umboni cinthu cimodzi, ndico cakuti cacikuru sicioloka cokha, koma cikokedwa ndi cacing'ono cimene cinatsogola. Ndipo cacing'onoco cikalephera, cacikuru citsala pamadzi.

Zingwe za makolo

Tisaganize kuti luso la zingwe linadza ndi Azungu, iai. Kale lomwe, sitima isanaoneke pa nyanja, Aphoka a m'mapiri, Atumbuka a ku Nkhamanga ndi a ku Henga, ndi asodzi a m'mphepete mwa nyanja anali akatswiri a kupota ndi kumanga. Anasenda luzi ku mitengo ya mombo ndi inzace, nalibviika m'madzi kuti lifewe, namanga nalo phaso la nyumba, nkhokwe ndi mitolo ya nkhuni. Ku kamtengo ka bwazi anatenga ulusi wolimba, naupota pa nchafu, naluka nao maukonde ndi zingwe za mbedza. Wochera misampha anadziwa mfundo yothina yokha nyama ikakoka. Womanga denga anadziwa mfundo yosamasuka ndi mphepo. Ndipo mai wobereka mwana anadziwa mfundo yolimba pa cifuwa, koma yomasuka ndi dzanja limodzi.

Wofuna umboni wa luso limeneli akumbuke ulalo wa ku Kandewe, pa mtsinje wa South Rukuru, wolukidwa ndi nsungwi ngati dengu lalitali lolenjekeka pamwamba pa madzi othamanga. Eni dziko anena kuti unamangidwa koyamba m'caka ca 1904, ndipo mibadwo yotsatana inaukonza kawiri kawiri monga anaphunzira kwa akuru ao. Anthu oluka ulalo wotere sanasowe mphunzitsi wa mfundo.

Nyanja nayonso sinali yacilendo kwa iwo. Ca kumapeto kwa zaka za m'ma 1700, Mlowoka ndi anzace anaoloka kucokera tsidya la kum'mawa, nakoceza ku Chilumba ali ndi nsaru, mikanda ndi makasu, nalowa m'dziko la Nkhamanga kugula minyanga ya njobvu. Ndipo kwa iye kunacokera ufumu wa Chikulamayembe. Nanga n'cifukwa ninji anthu odziwa madzi cotere sanafune mfundo yoponya? Yankho liri pa bwato. Bwato ndi mtengo umodzi wosemedwa. Msodzi apalasa kufikira mphuno ya bwato igunda mcenga, natsikira m'madzi a m'maondo, naukokera kumtunda ndi manja ace. Pakati pa bwato ndi mtunda palibe danga lofuna cingwe. Danga limenelo linabadwa tsiku limene panafika cotengera cacikuru cosakhoza kugunda mcenga.

Cifukwa cace ca mfundoyi

Mfundo ya nkhonya ya pusi ndi ya amalinyero a pa nyanja zazikuru zamcere. Sitima yaikuru iopa mtunda koposa umo iopera mafunde, pakuti ikagunda mwala ibooka, ndipo ikakhala pa mcenga palibe munthu angaikankhe. Cifukwa cace iyenera kuima patali pang'ono, nimangidwa ndi zingwe zonenepa, ndipo pambuyo pace isendera pang'ono pang'ono kufikira itsamira doko. Zingwe zimenezo kale zinapotedwa ndi ulusi wa mtundu wina wa nthoci wa ku zisumbu za Philippines, umene amalonda aucha manila. Zina zinali za khonje, cimera ca ku Mexico cimene Ajeremani anafika naco ku East Africa m'caka ca 1893. Cingwe cotere cikanyowa cilemera ngati mtengo wauwisi, ndipo ngakhale ciphona sicingaciponye mamita asanu.

Munthu adzati, ponyani tsono kacingwe kakang'ono. Koma yesani kuponya nthenga ya nkhuku moyang'anana ndi mphepo, ndipo mudzaona bvuto lace: copepuka sicipita patali, cibwerera kwa mwini wace. Kacingwe kafuna mutu wolemera wakukatsogolera. Kumangirira mwala pa nsonga ndi nzeru ya mwana aliyense woweta mbuzi, koma mwala upulumuka m'mfundo, ndiponso uswa cimene ugunda. Nzeru ya amalinyero inali yakuti cingwe comweco cidzipangire mutu wace, podzikulunga cokha kufikira cisanduka mpira. Potero palibe cogwa kapena cotayika, ndipo mutu ukatha angodula nsonga namanga wina.

Kacingwe koponya kameneka kakhala ka mamita 25 kapena 30 m'litali, ndi konenepa ngati cala cacing'ono. Mfundo yace inalembedwa pamodzi ndi zinzace m'buku lalikuru la mfundo limene Clifford Ashley, munthu wa ku New Bedford m'dziko la America, anasindikiza m'caka ca 1944. Iyeyu anayenda pa sitima ya osaka anamgumi ali mnyamata, ndipo pambuyo pace anatha zaka 11 akulemba bukulo ndi kujambula zithunzi zace pafupi 7,000. Kodi si cinthu cozizwitsa kuti nzeru ya anthu osaphunzira, imene anapatsana m'manja kwa mibadwo yambiri, inadzaza buku lolemera kuposa njerwa?

Mamangidwe ace

Popeza mbiri ya cinthu imveka bwino kwa iye amene acigwira, tiyeni timange. Tengani cingwe cofewa, nimusiye mamita awiri ku nsonga, akhale ogwira nao nchito.

Poyamba, tambasulani zala za dzanja lamanzere, nimuzungulize cingwe pa zalazo katatu, kuti pakhale mikombero itatu yogundana, yosakwerana. Kaciwiri, cotsani mikomberoyo pa zala mosamala, muigwire pamodzi, nimuzungulize nsonga ija katatu kunja kwace mopingasa, monga munthu amanga lamba m'cuuno. Tsopano mudzaona kuti pamwamba pa lambayo patsala khomo, ndi pansi pace khomo lina. Kacitatu, pisani nsonga pa khomo la pamwamba, muitsitse, muibweze pa khomo la pansi, ndipo mutero katatu, kotero kuti mikombero yacitatuyi ikumbatira lamba uja, koma iri m'kati mwa mikombero yoyamba. Mukatha mudzakhala ndi kanthu konga cisa ca mbalame, ka mbali zisanu ndi imodzi, mbali iriyonse ya mizere itatu. M'kati mwace mukhoza kuikamo kampira ka nsanza, kapena kamfundo komangidwa pa nsonga ya cingwe comweco, kuti mpira ukhale wodzaza.

Nchito yeniyeni iyamba apa, ndiyo kukunga. Wothamanga mtima akoka nsonga zonse ziwiri ndi mphamvu, ndipo apeza kanthu kopotoka konga mbatata. Wodziwa ayamba pamene cingwe cinalowera, natsata mkombero uliwonse ndi zala, nakoka pang'ono pokha, napitira ku wina, kufikira atuluka ku nsonga. Ndipo abwereza ulendo womwewo kawiri kapena katatu, mpira nulimba pang'ono pang'ono. Akuru anati, kuona maso a nkhono n'kudekha. Potsiriza nsonga yotsala ailukira m'cingwe cacikuru, kapena aimangirira pamenepo, kuti isalendewere.

Kuponya nako kuli ndi mwambo wace. Woponya ayamba wamanga nsonga inayo pa citsulo ca m'sitima, pakuti woponya cingwe conse m'madzi wataya nchito yace. Anyowetsa cingwe kuti cisapotane, nacikulunga bwino bwino m'dzanja, nacigawa pawiri: gawo lalikuru m'dzanja lamanzere lotambasuka, gawo laling'ono pamodzi ndi mfundo m'dzanja lamanja. Apfuula kucenjeza a kumtunda, naponya, osalunjika pa munthu, koma pambali ndi kupitirira, kuti cingwe cigwe pamene wolandira angacitole.

Masitima afika pa nyanja

David Livingstone anaona nyanja yathu m'caka ca 1859, ndipo mu 1861 anayendapo ndi boti, nabvutika kwambiri ndi anamondwe ace. Nyanjayi ipitirira makilomita 550 m'litali mwace, ndipo cakumpoto, kumene mapiri atsikira m'madzi molunjika, kuya kwace kufika pafupi mamita 700. Mphepo ya mwera ikaomba m'miyezi yozizira, ithamanga pa madzi onsewo popanda coicinga, ndipo mafunde akula pofika kumpoto.

Sitima yoyamba, Ilala, inalowa m'nyanja pa 12 October 1875. Inamangidwa ndi kampani ya Yarrow ku London, ndipo inali yaing'ono, ya mamita ngati 15. Pofika pa mathithi a mtsinje wa Shire inaphwasulidwa, ndipo anthu mazana ambiri anaisenza pamutu, cidutswa cidutswa, kufikira kumtunda kwa mathithiwo, osatayapo kanthu. Woitsogolera anali E. D. Young, munthu wa m'gulu la nkhondo la pamadzi la Angerezi, amene anayendapo kale ndi Livingstone. Ndipo mwa anzace munali dotolo wacinyamata, Robert Laws. Caka comweco cisanathe anazungulira nyanja kufikira kumpoto, napitirira pansi pa mapiri a Rumphi.

Pambuyo pace masitima anacuruka. Mishoni ya ku Likoma inali ndi Charles Janson kuyambira 1885, ndi Chauncy Maples kuyambira 1901. Kampani ya Mandala inali ndi Domira. Boma linali ndi Guendolen, imene inalowa m'madzi mu 1899. Sitima iriyonse inafuna anthu osonkha moto, otsitsa nangula, opalasa maboti ndi osamala zingwe. Ndipo anthuwo anali ana a dziko lino, ocokera ku Likoma, ku Utonga ndi ku Mangochi. Manja amene anazolowera luzi ndi bwazi sanacedwe kuphunzira manila. Momwemo mfundo za pa nyanja zamcere zinakhala mfundo za pa nyanja yathu, popanda sukulu ndi popanda buku, mnyamata akungoyang'ana zala za mkuru wace.

Gombe lopanda doko

M'caka ca 1894 Dr. Laws, pamodzi ndi Yuriah Chirwa, anasankha phiri la Khondowe kuti pakhale Livingstonia watsopano, atasiya Cape Maclear ndi Bandawe cifukwa ca malungo. Malowo ali pafupi mamita 900 pamwamba pa nyanja, ndipo khomo lace linali gombe la Chitimba, limene Azungu analicha Florence Bay, pansi pa phiri la Chombe limene iwo analicha Mount Waller.

Tsono gombe limeneli linali mcenga wapoyera, wopanda doko lomangidwa, ndi wopanda cocinga mwera. Sitima inaponya nangula patali, ndipo anthu ndi akatundu anatsikira m'maboti. Amene anakwerapo boti pa mafunde adziwa kuti nthawi yoopsa koposa ndiyo ya kuyandikira sitima. Boti likwera ndi kutsika, sitima nayo ipendeka. Mukasendera msanga muphwanyika pa citsulo, mukazengereza mphepo ikutengani. Pa mphindi imeneyo kacingwe koponyedwa bwino ndiko dzanja lotambasulidwa pa danga. Wa m'boti akakagwira, boti lagwidwa. Akakaphonya, opalasa ayambanso nkhondo yao ndi mafunde.

Taganizani tsono zimene zinapita pa danga limenelo. Sukulu ya Overtoun Institution inafuna makina osindikizira mabuku, zipangizo za amisiri a matabwa ndi a zitsulo, magalasi, mabuku ndi mapepala. Mipope yacitsulo imene inafikitsa madzi pa Khondowe m'caka ca 1904, yogulidwa ndi cuma ca Lord Overtoun, inacokera ku Scotland. Ndi makina amene anayatsa magetsi mu 1905 ndi mphamvu ya madzi a Manchewe anacokera kutali komweko. Cipatala ca David Gordon, cotsegulidwa mu 1911, cinafuna mankhwala ndi zitsulo zace. Zonsezi zinaoloka nyanja yamcere, zinakwera mitsinje ya Zambezi ndi Shire, zinayenda pa nyanja yathu, ndipo potsiriza zinalendewera pa cingwe pakati pa sitima ndi boti pa gombe la Chitimba. Kucokera pamenepo a tengatenga anazikweza phiri pamutu ndi pa mapewa, kufikira mseu wa Gorodi, wa makhota 20, unatha kukumbidwa mu 1905.

Mabuku a mbiri achula maina a opereka cuma ndi a olamulira nchito, ndipo nkoyenera. Koma maina a oponya zingwe sanalembedwe. Komatu mpope uliwonse umene unafika pamwamba unayamba wadutsa m'manja mwao. Ndipo ana a sukulu ocokera kutali, odwala ofuna dotolo, ndi amuna opita ku nchito ku Salisbury ndi ku Johannesburg, onsewo anapereka moyo wao kwa kanthawi m'manja mwa munthu wogwira cingwe, amene sanamfunse ngakhale dzina. Mutu umodzi susenza denga, ndipo Khondowe sanamangidwe ndi a pamwamba okha.

Tsiku limene cingwe sicinaponyedwe

Gombe lomweli liri ndi tsiku lace la maliro. Sitima ya Vipya, yomangidwa ku Scotland ndi kulumikizidwa ku Monkey Bay, inali ya kampani ya Nyasaland Railways, ndipo inayamba nchito m'caka ca 1946. Pa 30 July caka comweco, pa ulendo wace wacinai, inacoka ku Mbamba Bay tsidya la kum'mawa kulinga ku Florence Bay, mwera ulikuomba kolimba. Isanafike, mapiri a Livingstonia akuoneka, mafunde anaigubuduza, nimira msanga m'madzi akuya. Anthu 145 anatsikira nayo. Owerengeka okha anafika kumtunda atakangamira matabwa ndi zina zoyandama.

Tisanamizane: palibe mfundo imene ikadaimika sitima imeneyo. Nkhonya ya pusi si mankhwala a namondwe. Koma tsokalo litiphunzitsa malire a cingwe, ndipo malirewo ndi mbali ya mbiri yace. Cingwe coponya cithandiza pokha pamene pali anthu awiri, wina woponya ndi wina wolandira, ndi pamene danga la pakati pao silipitirira utali wa cingweco. Pa tsiku lija danga linali la makilomita, ndipo panalibe sitima yina pafupi. Cifukwa cace nzeru ya amalinyero siyamba ndi kuponya. Iyamba ndi kuyang'ana thambo, kuyesa katundu, ndi kumvera iwo amene akalamba pa madzi. Cingwe cimariza ulendo umene nzeru inausunga.

Ilala waciwiri ndi zingwe zatsopano

M'malo mwa Vipya munadza sitima yina yochedwa Ilala, yomangidwa mu 1949 ndi kampani yomwe ija ya Yarrow, imene tsopano inali itasamukira ku Scotstoun pafupi ndi Glasgow. Nayonso inafika m'zidutswa, nilumikizidwa ku Monkey Bay, niyamba kuyenda m'caka ca 1951. Utali wace ndi mamita 52. Mseu waukuru utapyola ku Chiweta, malori analanda katundu wambiri wa Livingstonia, ndipo Chitimba anasiya kukhala khomo la masitima. Koma kumwera kwace, kumene mapiri atsekereza midzi ku nyanja, zinthu sizinasinthe msanga. Kwa zaka zambiri anthu a ku Mlowe ndi a ku Tcharo anayembekeza Ilala monga mlimi ayembekeza mvula. Ndipo pa magombe amenewo sitima inaima patali monga kale, nitsitsa maboti ace, ndipo matumba a ufa, malata, usipa wouma, amai ndi makanda, zonse zinapita pa danga lomwe lija.

Zingwe zokha ndizo zinasintha. Ulusi wa nayiloni unapangidwa koyamba ku America mu 1935, ndipo itatha nkhondo yaciwiri unafalikira pa dziko lonse, nulowa m'malo mwa manila pa masitima ndi m'malo mwa bwazi m'maukonde a asodzi. Zingwe zina zatsopano ziyandama pamadzi, ndipo zimenezo ndizo zabwino kuponyera munthu womira, pakuti aziona ndi kuzigwira. Koma mfundo ikali yomwe ija, mikombero itatu katatu; cifukwa mphepo sinasinthe, ndi dzanja la munthu silinasinthe.

Kuopsa kwa mtima wa mfundo

Pali cinthu cimodzi cimene amalinyero anaphunzira ndi mwazi. Pofuna kuti cingwe cipite patali, ambiri anabisa m'kati mwa mfundo mwala, mtobvu kapena cidutswa ca citsulo. Ena anaibviika mu utoto kufikira inauma gwa ngati mwala. Mfundo yotere iulukadi bwino, koma ikagwa pa mutu wa munthu wa pa doko iphwanya pfupa. Ndiponso m'zaka za m'ma 1800 anthu a ndeu m'mizinda ya ku America anaisandutsa cida comenyera anzao, kotero kuti maboma ena a kumeneko anaika malamulo oletsa kuyenda naco. Malangizo a boma la Britain osunga moyo wa amalinyero anena kuti mfundoyi ikhale ya cingwe cokha, yopanda colemeretsa ciriconse m'kati. Ndipo wofuna njira yina atenge kathumba kofewa ka timiyala, kosapitirira theka la kilogalamu.

Lamulo limeneli liri ndi nzeru yakuya. Woponya aona kutali kumene afuna kufika. Wolandira aona cimene cikudza pa mutu pace. Mfundo yabwino ndiyo yoganizira onse awiri. Cinthu cimene cinapangidwa kuti cilumikize anthu, cikaumitsidwa mtima, cisanduka cibonga.

Kwa ife a kumudzi

Wina adzati, ine ndine mlimi, sitima ndiribe nayo kanthu. Koma danga lofuna cingwe siliri pa nyanja pokha. Liri pa mtsinje wodzala m'nyengo ya dzinja, pamene ana a sukulu aima tsidya lina ndi akuru tsidya lino. Kacingwe kakaoloka, kakoka cingwe colimba cimene anthu angamange ku mitengo ndi kugwirira. Liri pa mtengo wopendekera nyumba, umene uyenera kumangidwa nthambi ya pamwamba usanadulidwe, popanda kukwezako mnyamata. Liri pa mtanda wa denga la kacisi kapena la sukulu, pokweza mitengo. Liri pa dziwe pamene munthu amira, ndipo amene aima pa gombe sadziwa kusambira. Pakuti ambiri afa polumphira m'madzi kukapulumutsa mnzao, pamene cingwe cikadapulumutsa onse awiri. Pa malo onsewa musaike mwala m'kati, ndipo womira mumponyere kupitirira phewa lace, osati pa nkhope.

Cifukwa cace ndipempha aphunzitsi anzanga ndi akuru a m'midzi, makamaka inu a m'mphepete mwa nyanja ndi mwa mitsinje ya Rukuru ndi Rumphi: funani cingwe ca mamita 25, mumange mfundo iyi pa nsonga yace, mucipacike pamalo podziwika ndi onse, ndipo anyamata ndi asungwana aphunzire kucikulunga ndi kuciponya pa bwalo, dzuwa likali kuwala. Ndipo ngati m'mudzi mwanu muli nkhalamba imene inagwira nchito pa sitima, kapena yodziwa kupota bwazi ndi kuluka nsungwi, muitane ikhale pakati pa ana ndi cingwe m'manja. Luso la zala silikhala m'buku. Likhala mwa munthu, ndipo munthuyo akapita osalisiya, lapita naye. Mtengo wa cingwe ndi wocepa, ndi nthawi ya kuphunzira mfundoyi ndi madzulo amodzi. Koma tsiku la cigumula palibe amene adzakhala ndi nthawi ya kuphunzira.